Mawu oti antiphagocytic akutanthauza chani, nanga anachokera kuti?

Nachisale: Anthu a Mulungu ndithandizeni. Mu manotsi a microbiology muli mawu oti antiphagocytic ndipo akungobwerabwera tsamba lililonse, akuti capsule ya pneumococcus, kachilombo ka chibayo kaja, ndi antiphagocytic, M protein nayo antiphagocytic, ndiye ine ndikungoloweza ngati vesi ya ku Sande sukulu koma mutu wake sindikuuona. Akutanthauza kuti kachilomboko kamapha asilikali a m'thupi kapena chani? Mayeso ali Lachinayi

Jonijoni: Anti Phagocytic ndi anti ake a ndani? Amakhala ku Area 25 kapena ku Chilinde kkkkk

Nachisale: Achimwene musandiseke mutu ukundiwawa kale

Kamnyamata ka Bio: Asisi ndi zija za tizilombo tosamva mankhwala zija, umamwa amoxicillin botolo lonse koma osachira. Anti ndiye kuti kukana, basi

Sista Naphiri: Ayi mwanawe wasakaniza zinthu ziwiri. Kusamva mankhwala ndi nkhani ina, uko kachilombo kakulimbana ndi mapilitsi. Apa kakulimbana ndi thupi lenilenilo, olo munthu asanamwe mankhwala aliwonse. Kachilombo katha kukhala antiphagocytic koma penicillin nkukapha bwinobwino. Dikirani a Madala abwere, izi ndi zakumunda kwawo

Madala a Labu: Ndafika, ndinali kumaliro kumudzi netiweki inali yovuta. Mwanangu Nachisale, mawuwa aduleni patatu. Onse ndi achigiriki. Anti ndi kutsutsana kapena kulimbana. Phago akuchokera ku phagein, kudya. Cyt akuchokera ku kytos, chomwe kwa Agiriki chinali chotengera chobowoka mkati, chiwiya choikamo zinthu, ndiye a sayansi anabwereka mawuwo kuti azitchulira selo. Phagocyte ndiye kuti selo yodya. Ndi maselo oyera aja amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo ndi zinyalala za m'thupi, akuluakulu ake ndi neutrophil ndi macrophage. Ndiye chinthu chikakhala antiphagocytic ndiye kuti chikulepheretsa kumezako. Mvetsetsani apa chifukwa ndi pamene ana ambiri amagwera: mawuwa sakunena za kupha selo yodyayo. Seloyo ili moyo, ili ndi njala yake, yafika pa kachilombo, koma ikukanika kukagwira ndi kukameza.

Nachisale: Ohooo ndiye ndi kukana kudyedwa osati kupha wodyayo

Madala a Labu: Eya. Munagwirako mlamba wamoyo ndi manja? Dzanja lanu silinavulale, mphamvu muli nazo, koma nsombayo ikungopulumuka chifukwa cha kuterera. Capsule ya pneumococcus imachita zomwezo. Ndi chikuto chokhuthala cha mashuga olumikizana mtandadza, chakuta kachilombo konse, ndiye malo amene selo yodya ikanagwirapo abisika pansi pake.

Mphunzitsi Gama: Ndiwonjezereko pa phago uja, mukamudziwa mumamupeza paliponse. Oesophagus, kummero komwe chakudya chimadutsa. Dysphagia, kuvutika kumeza, a Sista amalemba daily mufayilo. Bacteriophage, vairasi yodya mabakiteriya. Macrophage, wodya wamkulu. Ngakhale sarcophagus, mabokosi amiyala oikamo maliro aja akalekale, tanthauzo lake ndi chodya mnofu chifukwa ankakhulupirira kuti mwala wake umadya mtembo

Jonijoni: Aphunzitsi mwatifikitsanso kumanda mmawa uno eish

Kamnyamata ka Bio: Nanga anayambitsa mawu oti phagocyte ndani? Agiriki akalewo ankadziwa maselo?

Madala a Labu: Ankawadziwira kuti, maikulosikopu kunalibe. Mawuwa ndi a dzulodzuloli, a m'ma 1880. Mwini nkhani ndi Ilya Mechnikov, mabuku ena amalemba Élie Metchnikoff, anabadwa mu 1845 kufupi ndi Kharkiv, komwe lero ndi Ukraine. Ndipo munthuyu sanali dokotala wa anthu ayi, anali wa zinyama, ankaphunzira tinyama ta m'nyanja mmene timakulira. Mu 1882 anali ku Messina, pachilumba cha Sicily ku Italy, akuyang'ana tiana ta starfish, kanyama ka m'nyanja yamchere kooneka ngati nyenyezi kaja. Ubwino wa tianato ndi woti thupi lake ndi loonekera mkati, umatha kuona zonse zikuchitika kali moyo. Ndiye ankaona maselo ena akuyendayenda okha mkatimo, nkuganiza kuti kodi maselo oyendawa si alonda? Anakathyola minga ya duwa la rozi pabwalo, nkubaya tianato madzulo, mmawa kukacha anapeza maselo aja aunjikana kuzungulira munga. Kanyama kopanda mitsempha ya magazi, koma maselo akhamukira pomwe pabayidwa. Atapita ku Vienna anakafotokozera mnzake Carl Claus, pulofesa wa zinyama, ndipo pokambirana ndi iyeyo ndi pomwe panatuluka dzina lachigirikili. Mu 1883 linali litalowa m'zolemba.

Sista Naphiri: Nkhani ya minga imeneyi imandisangalatsa chifukwa ndi zomwe timaona ku OPD, mwana wabayidwa ndi chisonga kuphazi wakhala nacho masiku, pozungulira pake mafinya. Mafinyawo mbali yaikulu ndi ma neutrophil amene anafera pantchito

Nachisale: Ndiye mafinya ndi mitembo ya asilikali eti. Sindidzaonanso chithupsa chimodzimodzi

Madala a Labu: Koma musaganize kuti anthu anangowomba m'manja. Ku Germany, a gulu la Robert Koch ndi ena ankamutsutsa kwambiri, iwo ankati chitetezo chili m'madzi a magazi, mu serum, osati m'maselo. Ena mpaka ankati maselo oyerawo amangotola tizilombo takufa kale, ena ankati ndi amene amanyamula matenda kuwafalitsa m'thupi. Mechnikov anasamukira ku Paris mu 1888 kukagwira ntchito ku Pasteur Institute, ndiye mkangano unasanduka ngati wa Afalansa ndi Ajeremani, ndipo mayiko awiriwa anali atamenyana kale nkhondo mu 1870, chidani chinalipo. Pomaliza mu 1908 mphoto ya Nobel anagawana Mechnikov wa maselo ndi Paul Ehrlich wa ma antibody, mapuloteni a mu serum amene thupi limapanga kuti amatirire pa tizilombo. Onse ankanena zoona, aliyense anagwira mbali yake.

Mphunzitsi Gama: Mutu umodzi susenza denga

Kamnyamata ka Bio: Koma madala ine pali pomwe sindikugwirizana napo. Ngati capsule ikutchinga choncho ndiye bwanji tonse sitinafe ndi chibayo? Paja amati pneumococcus ambirife tili naye m'mphuno makamaka ana. Ndiye kapena mawu oti antiphagocytic akukokomeza

Madala a Labu: Funso labwino mphwanga. Sakukokomeza, koma kutchingako si kwa mpaka kalekale, thupi nalo lili ndi yankho. Limamata zinthu pamwamba pa kachilomboko kuti selo yodya ipeze pogwira. Zomatazo ndi ziwiri, ma antibody ndi tizidutswa ta complement, gulu lina la mapuloteni a m'magazi olimbana ndi tizilombo, makamaka kachidutswa kotchedwa C3b. Selo yodya ili ndi malo ake ogwirira zinthu ziwirizi. Ndiye antibody akamatirira pa capsule, capsule yomwe imateteza ija ndi yomwe yasanduka chogwirira. Zomatazi dzina lake ndi opsonin, ndipo apa ndi pomwe ndimasekera, chifukwa anaika dzinali ndi Almroth Wright ndi Stewart Douglas ku St Mary's Hospital ku London mu 1903, muzu wake ndi mawu achigiriki oti opson. Opson kwa Agiriki chinali chilichonse chodyera buledi, kawirikawiri nsomba. Ndiwo. Ndiwo zenizeni. Anthuwa ankatanthauza kuti magazi amakonzera selo chakudya kuti chidyeke.

Jonijoni: kkkkkk ndiye neutrophil naye sadya nsima yosusa opanda ndiwo, ndi Mmalawi ameneyu

Sista Naphiri: Amwene mwandiseketsa ndili pa night

Nachisale: Madala ndiye capsule imaletsa bwanji complement? Mu manotsi angolemba mzere umodzi

Madala a Labu: Njira zingapo. Choyamba C3b amatha kumatirira ndithu pakhoma la kachilombo koma pansi pa capsule, ndiye selo yodya sikumufikira, wakwiririka. Chachiwiri ma capsule ambiri ali ndi chaji ya negative ndipo khungu la selo yodya nalonso ndi negative, ndiye zimakankhana. Chachitatu tizilombo tina timachita kuba zovala za thupi lathu lomwe. Streptococcus pyogenes, uja wa zilonda zapakhosi, capsule yake ndi ya hyaluronic acid, chinthu chomwe chili kale m'khungu ndi m'mfundo zathu, ndiye asilikali amangoti uyu ndi wathu nkumudutsa. M protein mwafunsa ija ndi ya kachilombo komweka. Si capsule, ndi timaubweya ta puloteni totuluka pakhoma, timakoka fibrinogen ndi factor H kuchokera m'magazi athu, ndipo factor H ntchito yake ndi kuzimitsa complement kuti isawononge maselo athu. Kachilombo kangobwereka chozimitsiracho. Amene anaifotokoza M protein ndi mayi, Rebecca Lancefield, mu 1928 ku New York, yemweyo amene magulu a strep A, B, C amatchedwa dzina lake.

Mphunzitsi Gama: Strep A ameneyu ndi uja amabweretsa matenda a mtima kwa ana? Kusukulu kwathu tinali ndi mwana wina ankangopuma befu, akuti ma valve

Sista Naphiri: Yemweyo aphunzitsi. Zilonda zapakhosi zikapanda kuthandizidwa, kwa ana ena ma antibody olimbana ndi kachilomboka amasokonezeka nkuyamba kugunda mtima weniweniwo, ndiye rheumatic fever, kenako ma valve kuwonongeka. Ndi ana aja amabwera kudzabayitsa penicillin wa benzathine mwezi ndi mwezi. Mwana akamadandaula pakhosi ndi kutentha thupi osamangomupatsa madzi amchere basi

Kamnyamata ka Bio: Ok ndamva. Koma umboni woti ndi capsule yeniyeniyo ikupangitsa uli pati, mwina kachilomboko ndi kaukali kale pakokha

Madala a Labu: Umboni ulipo wakalekale ndipo munauphunzira ku Form 4 osadziwa. Frederick Griffith, 1928, ku London. Anali ndi pneumococcus wa mitundu iwiri. Wina pa puleti yomeretsera tizilombo mu labu amamera mosalala monyezimira, anamutcha S, ameneyo ali ndi capsule. Wina amamera mokhakhala, R, alibe capsule. Akabaya mbewa ndi S imafa. Akabaya ndi R imakhala bwinobwino chifukwa maselo odya amamumeza msanga. Akapha S ndi moto nkubaya, mbewa osafa. Koma atasakaniza S wakufayo ndi R wamoyo, mbewa inafa, ndipo m'magazi mwake anapezamo S wamoyo wovala capsule. Kachilombo komweko, kusiyana kwake chovala basi.

Mphunzitsi Gama: Eee iyi timaphunzitsa pa mutu wa genetics, sindinaiganizirepo ngati nkhani ya chitetezo cha m'thupi

Madala a Labu: Ndi nkhani imodzi aphunzitsi. Funso linatsala linali loti R uja watenga chani kwa mnzake wakufa chomwe chamuphunzitsa kupanga capsule. Oswald Avery ndi anzake Colin MacLeod ndi Maclyn McCarty ku Rockefeller Institute ku New York analimbana nalo zaka, mu 1944 nkulengeza kuti chinthucho ndi DNA. Nthawi imeneyo ambiri ankaganiza kuti za kumtundu zimayenda mu mapuloteni. Ndiye DNA yomwe lero anthu akuyezetsa pa milandu ya mimba ija, anthu anaizindikira ntchito yake akufufuza chovala cha kachilombo ka chibayo. Avery yemweyo ndi Michael Heidelberger ndi amene anaonetsa mu 1923 kuti capsule imeneyi ndi ya mashuga.

Jonijoni: Kunoku ku Joni DNA yathetsa mabanja ambiri, kani inayambira pa mbewa

Mayi a Tadala: Pepani ndilowerere ine si wachipatala ndimangowerenga. Ndiye jakisoni wa chibayo amabaya ana kusikelo uja akukhudzana ndi zimenezi? Wanga anabayitsa onse atatu koma chaka chatha anagonekedwabe ndi chibayo ndiye apongozi anga akuti katemerayo ndi wabodza

Sista Naphiri: Mayi mwafunsa bwino. Akukhudzana kwambiri. Katemera ameneyu kuno anayamba mu November 2011 ali PCV13, mwana nkumalandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Mkati mwake mulibe kachilombo kamoyo, muli tizidutswa ta capsule yomwe a Madala akunenayi. Thupi la mwana limapanga ma antibody a capsule imeneyo kachilombo kasanabwere, ndiye tsiku lomwe kafike ndiwo zili kale pamoto. Koma 13 uja ndi nambala ya mitundu ya capsule yomwe ili mu katemerayo, pomwe pneumococcus ali ndi mitundu yoposa 90, ndipo antibody wa mtundu umodzi sagwira pa mtundu wina. Anasankha yomwe imadwalitsa ndi kupha ana kwambiri. Komanso chibayo sichibwera ndi pneumococcus yekha, pali ma vairasi ngati RSV, pali mabakiteriya ena. Ndiye mwana wobayitsa atha kudwalabe chibayo koma mwayi woti adwale chija choopsa cha mitundu 13 ija, kapena matenda oumitsa khosi ake, umatsika kwambiri. Apongozi auzeni mwaulemu kuti katemera si wabodza

Mayi a Tadala: Zikomo asisi ndamva. Nanga zija amagulitsa pa WhatsApp zoti zimakweza chitetezo cha mthupi sizingathandize asilikaliwo kudya bwino?

Sista Naphiri: Ndalama zanu gulirani mwana mazira ndi nsinjiro mayi. Vuto apa si loti asilikali alibe njala, vuto ndi loti alibe pogwira, ndipo pogwira pamabwera ndi antibody wa capsule yeniyeniyo. Palibe tiyi wa m'botolo angaphunzitse thupi maonekedwe a capsule ya pneumococcus. Ine zamabotolozi zimandikwiyitsa chifukwa anthu amabwera mochedwa atamaliza kaye botolo la 20 pin

Madala a Labu: Pa katemerayu pali kanthu kena kofunika kwa a mayeso. C wa mu PCV akuimira conjugate, kulumikiza. Ana osakwana zaka 2 thupi lawo silimva bwino mashuga paokha, ukawapatsa capsule yokha ma antibody amatuluka ochepa ndipo thupi limaiwala msanga. Ndiye anamangirira shugayo ku puloteni, puloteniyo ndi imene imaitana ma T cell, mtundu wina wa maselo oyera, kuti athandize, chitetezo nkukhala champhamvu chokumbukika. Nzeru yomweyi ndi ya katemera wa Hib, kachilombo kotchedwa Haemophilus influenzae type b, amene ali mu penta, jakisoni wa ana wa matenda asanu uja, kuno analowa mu 2002. Amene tinagwira labu isanafike nthawi imeneyo tikukumbuka Haemophilus mmene ankatulukira m'madzi a pamsana a ana, pano ana a labu ena amamaliza sukulu osamuonako.

Kamnyamata ka Bio: Wa typhoid uja tinabayitsa ma form 1 kusukulu nayenso ndi yemweyo?

Madala a Labu: Banja lomwelo. Salmonella Typhi ali ndi capsule yotchedwa Vi, chidule cha virulence, ukali wa kachilombo, anaipeza Arthur Felix ndi Margaret Pitt mu 1934. Katemera wake wa conjugate anayesedwa konkuno ku Blantyre, ku Ndirande ndi Zingwangwa, kuyambira 2018 pa ana pafupifupi 28,000, ndipo zitaoneka kuti akugwira ntchito boma linachita kampeni ya dziko lonse mu May 2023 kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15.

Nachisale: Ndiye ndifunse, TB nayo ndi antiphagocytic? Paja imalimbana ndi macrophage

Kamnyamata ka Bio: Eya ndi antiphagocytic imeneyo, imakana kufa

Madala a Labu: Ayi, apa ndi pomwe mawuwa amafuna kusamala. TB sikana kumezedwa. Imalola ndithu, macrophage wa m'mapapo amaimeza bwinobwino, ndipo iyo ndi zomwe ikufuna. Selo ikameza kachilombo imakatsekera m'kathumba kotchedwa phagosome, kenako kathumbako kamayenera kulumikizana ndi kena ka asidi ndi ma enzyme kotchedwa lysosome kuti chakudya chigayike. TB imatseka kulumikizanako, ndiye imakhala m'kathumbamo mwamtendere nkumaswana mkati mwa msilikali yemwe amayenera kuipha. Kumeneko timati kupulumuka mkati mwa selo, osati antiphagocytic. Mukalemba TB ngati chitsanzo cha antiphagocytic mphunzitsi wokhwima akudulani malikisi.

Kamnyamata ka Bio: Koma madala mabuku ena amaziika pamutu umodzi

Madala a Labu: Amaziika pansi pa mutu waukulu wa kuzemba chitetezo, immune evasion, ndipo pamenepo palibe cholakwika. Koma pansi pa mutuwo pali njira zosiyana. Wina akukana kumezedwa. Wina akulola kumezedwa koma akukana kugayidwa. Wina ndiye amapha msilikaliyo, amene Nachisale amaganizira poyamba paja, ndipo ameneyo ali ndi dzina lakelake, leukocidin. Leukos ndi choyera pachigiriki, cid ndi kupha kuchokera ku Chilatini, cid yemweyo wa mu pesticide. Staphylococcus aureus wa zithupsa uja amatulutsa poizoni woboola khungu la neutrophil mpaka kuphulika. Woyamba kuziona anali Van de Velde mu 1894, kenako Panton ndi Valentine ku London mu 1932 anafotokoza mtundu umene lero umatchedwa dzina lawo, PVL. Anthu aja amatuluka zithupsa zikuluzikulu mobwerezabwereza, nthawi zambiri staph wawo amakhala nayo imeneyi.

Sista Naphiri: Staph ndi tambwali weniweni ali ndi zonse

Madala a Labu: Ali nazo. Alinso ndi protein A, yomwe ndi antiphagocytic yeniyeni koma mwanjira ina. Antibody ali ngati chilembo Y, manja awiri ogwirira kachilombo ndi mchira womwe selo yodya imagwira. Protein A imagwira antibody kumchira, ndiye antibody wamatirira chadodolido, manja ali kunja mchira uli kwa kachilombo, selo yodya ikafika palibe chogwira.

Jonijoni: Koma tizilombo timeneti tinapita kusukulu iti

Mphunzitsi Gama: Sukulu yake ndi nthawi achimwene, tomwe tinalibe machenjerero tinadyedwa, totsala ndi tomwe tikuswana. Madala capsule zonse ndi za shuga?

Madala a Labu: Pafupifupi zonse, koma ya anthrax ndi yosiyana, ndi ya D-glutamic acid wolumikizana, ndiye amakonda kuifunsa pa mayeso chifukwa cha kusiyanako. Yersinia pestis wa mliri wa makoswe nayenso chovala chake F1 ndi cha puloteni, ndipo iyeyo amawonjeza kubaya selo yodya ndi kajakisoni kake kolowetsa mapuloteni oumitsa seloyo kuti isathe kutambasuka kumeza.

Nachisale: A Sista mu ward mumaziona bwanji zimenezi kapena ndi za mbuku chabe

Sista Naphiri: Timaziona daily mwanangu, kungoti sititchula dzinalo. Ana a sickle cell ndi chitsanzo. Kapamba, spleen pachingerezi, ndi kamene kamasefa magazi nkuchotsa tizilombo tovala capsule, muli ma macrophage ambirimbiri ndipo magazi amayenda pang'onopang'ono mmenemo. Mwana wa sickle cell kapamba kake kamawonongeka adakali wamng'ono, ndiye pneumococcus akalowa m'magazi amaswana mwachangu zedi, mwana mmawa akusewera madzulo ali kayakaya. Ndi chifukwa chake amapatsidwa penicillin wa tsiku ndi tsiku ndipo mayi ake timawauza kuti thupi likangotentha asadikire kuti kuche. Chimodzimodzi munthu wochotsedwa kapamba pa ngozi yapamsewu. China ndi crypto, matenda a Cryptococcus, kwa anzathu amene CD4 yatsika kwambiri, munthu amabwera mutu ukumuwawa kwa masabata, a Madala afotokoze ya inki ija

Madala a Labu: Aaa India ink. Mu ntchito yonse ya labu palibe pomwe capsule umaiona ndi maso bwino kuposa apa. Cryptococcus si bakiteriya, ndi yisiti, koma naye wavala capsule yokhuthala kwambiri. Amakubweretsera madzi a pamsana m'kabotolo, nthawi zambiri oyera mbee ngati a pampopi moti wosadziwa angati mulibe kanthu. Umadontheza dontho limodzi pa slide, dontho la inki yakuda pambali pake, kusakaniza, kuvindikira kagalasi, nkuika pa maikulosikopu. Ponse pamada bii. Ndiye mumdimamo umaona timipira toyera, pakati pali selo ya yisiti yozungulira, kuzungulira seloyo pali mkombero woyera waukulu pomwe inki yakanika kulowa. Mkombero umenewo ndiye capsule. Tinthu ta inki tikukanika kufika pa selo, ndipo macrophage naye amakanika chimodzimodzi. Nthawi zina mkomberowo umakula kuposa selo yeniyeniyo kangapo.

Kamnyamata ka Bio: Ndiye CrAg amayeza ija ndi chani

Madala a Labu: Ndi capsule yomweyo. Yisitiyo imakhetsa tizidutswa ta capsule m'magazi ndi m'madzi a pamsana, ndiye kapepala ka CrAg kamagwira tizidutswato, mphindi 10 mizere yatuluka. Ubwino wake imaonetsa m'magazi munthu asanayambe kumva mutu, ndi chifukwa amayeza anthu amene CD4 yawo ili pansi pa 200. Inki imaphonya ngati yisiti ili yochepa, CrAg siphonya kawirikawiri. Klebsiella nayenso capsule yake umaiona pa puleti osafuna maikulosikopu, amamera monyowa monanda, ukagunda ndi waya nkukweza amatamuka ulusi, ukapitirira mamilimita 5 timalemba kuti string test ili positive.

Nachisale: Ya inkiyo tikapanga practical sabata ya mawa, ndikayang'anire chani kuti ndisanamizidwe

Madala a Labu: Ma lymphocyte, maselo oyera ang'onoang'ono a m'thupi, ndi amene amanamiza ongoyamba kumene, nawonso amaoneka oyera mu inki ndipo amakhala ndi kamkombero kakang'ono kosalongosoka. Crypto khoma lake ndi lozungulira bwino lakuthwa, mkombero wake uli ndi malire ooneka, ndipo mukafufuza modekha mupeza ina ikuphuka kamwana pambali kolumikizidwa ndi kakhosi kowonda. Inki musachulutse, ikakhuthala simuona kanthu, ndipo botolo la inki likakhalitsa limatha kumera yisiti zakezake ndiye muziyamba mwaliyesa ndi madzi okha musanaike za wodwala. Madzi a pamsanawo muwazunguze kaye pa centrifuge mutenge zapansi.